Kusunga malalanje, manachesi ndi mandimu kuti asawole: mankhwala osaopsa ndi kagwiritsidwe kake

Lalanje lothyoledwa limakhala likadali lamoyo. Limapuma, limataya madzi pang'onopang'ono, ndipo khungu lake likalasidwa, ngakhale ndi kaminga kosaoneka ndi maso, chuku chimapeza polowera. Kuwola kwambiri kwa zipatso zamtunduwu kumayambira pa bala: pamene chikhadabo cha wothyola chinakanda, pamene kaphesi ka chipatso china kanabaya m'thumba, pamene ntchentche ya zipatso inaboola poikira mazira. Musanagule mankhwala alionse, yambani mwadziwa chimene chikuwoletsa zipatso zanu, chifukwa mankhwala ogwira pa kuwola kwina sachita kanthu pa kwina.

Chuku chobiriwira, chimene akatswiri amachitcha Penicillium digitatum, ndicho chimawononga kwambiri. Chimayamba ngati kadontho kofewa kooneka konyowa, kenako pamamera toyera, pakati pake n'kubiriwira, m'mphepete n'kutsala mkombero waukulu woyera. Pa madigiri 25 chimathamanga koopsa, moti pakatha sabata imodzi chipatso chonse chimakhala chakutidwa ndi fumbi lobiriwira. Chabuluu, Penicillium italicum, mkombero wake woyera ndi wopyapyala, chimapirira kuzizira, ndipo chimadumphira ku chipatso chogundana nacho. N'chifukwa chake m'katoni yochokera m'chipinda chozizira mumapeza zowola zitaunjikana pamodzi. Kuwola kwachitatu n'kwa madzimadzi, konunkha zowawasa, kokoka tintchentche ting'onoting'ono. Kumeneku kumabwera ndi Geotrichum citri-aurantii wokhala m'dothi, ndipo kumakonda mandimu ndi manachesi opsa kwambiri, makamaka otoledwa pansi kapena a m'nthambi zokhudza nthaka. Palinso kuwola koyambira kumutu, pamene panali phesi. Kumeneku chipatso chimakutengera kumtengo, kumabisala pansi pa kachisoti kobiriwira, n'kudzuka kachisotiko kakauma.

Chifukwa chake anthu akufunafuna mankhwala ena

Kwa zaka zambiri, nyumba zolongedzera zipatso ku Spain, South Africa, California ndi Israel zadalira mankhwala opha chuku monga imazalil, thiabendazole ndi sodium ortho-phenylphenate, ndipo pambuyo pake panabwera pyrimethanil ndi fludioxonil. Kugwira amagwiradi. Vuto loyamba n'lakuti chuku chinawazolowera: pofika m'ma 1980 ku California kunali kutapezeka kale Penicillium wosamva imazalil, ndipo thiabendazole anali atayamba kugonja kale. Lachiwiri ndi zotsalira za mankhwalawa pakhungu la chipatso. Mu 1999 bungwe loteteza chilengedwe la ku America la EPA linaika imazalil m'gulu la mankhwala amene akhoza kuyambitsa khansa, ndipo mayiko a European Union salola kuti apitirire mamiligalamu 4 pa kilogalamu ya malalanje, kapena 5 pa mandimu ndi manachesi. Zotsalira zambiri zimathera m'makoko, koma makoko a mandimu anthu amawaponya mu tiyi ndi kuwapala m'makeke. Guazatine ndi propiconazole, amene ankathandiza pa kuwola kowawasa, msika wa ku Ulaya unawakana, ndipo imazalil ndi thiabendazole pa kuwola kumeneku alibe mphamvu.

Kwathu kuno nkhani imakhala ina pang'ono. Manachesi ambiri a ku Mwanza ndi Neno amafika ku Blantyre ndi Lilongwe osadutsa m'mankhwala alionse, ali m'matumba, m'madengu kapena atangounjikidwa m'lole. Choopsa n'chakuti munthu akatopa ndi kutaya katundu amayamba kuyesa zimene ali nazo pafupi: fumbi losungira chimanga, mankhwala opopera tomato, a thonje. Amenewa sanapangidwire chipatso chothyoledwa kale, ambiri sapha n'komwe chuku, ndipo wodya ndiye amavulala. Ngati chizindikiro cha pabotolo sichikunena kuti mankhwalawo ndi a zipatso zokolola kale, kapena sanalembetsedwe ku Pesticides Control Board, asayandikire zipatso zanu.

Kusankha mankhwala oti muyese

Ofufuza amayambira pa mndandanda wa zinthu zololedwa kale m'zakudya. Ku America amazitcha GRAS, ku Ulaya zimakhala ndi nambala yoyamba ndi E. Mwa zimenezi, zimene zaonetsa mphamvu pa malalanje ndi sodium bicarbonate ndi sodium carbonate, zonse ziwiri E500, potassium sorbate E202, ndi sodium benzoate E211. Ubwino wake n'ngwakuti thupi la munthu limazidziwa kale, n'zotsika mtengo, ndipo chuku sichizizolowera msanga popeza sizigunda mbali imodzi yokha ya moyo wake.

Koma kuti chinthu n'chachilengedwe sizitanthauza kuti n'chosaopsa. Borax amakumbidwa pansi, ndipo m'ma 1920 ndiye anali mankhwala otchuka oviikamo malalanje, mpaka makampani anakanganirana umwini wa njirayi. Mu 1931 khoti lalikulu la ku America, pa mlandu wa American Fruit Growers ndi Brogdex, linagamula kuti lalanje loviikidwa mu borax silisanduka chinthu chopangidwa m'fakitale. Lero borax anasiyidwa m'malo ambiri chifukwa cha boron wa mu borax wotsalira pachipatso ndi m'madzi otayidwa, ndipo ku Ulaya ali m'gulu la zowononga ubereki. Propylparaben nayenso anali wololedwa m'zakudya mpaka European Union inamuchotsa mu 2006. Mndandanda umasintha, ndiye ngati mukugulitsa kunja kapena m'masitolo akuluakulu, funsani wogulayo zimene amalola musanathire chilichonse mumgolo.

Mankhwala oyenera kuwaganizira akhale ololedwa m'zakudya kumene zipatso zikupita, osawaula khungu kapena kufotetsa chipatso, osavulaza wogwira ntchito, komanso oti madzi ake otsala muli ndi kowataya. Funso limene anthu amaiwala n'lakuti kodi anayesedwa pa chipatso chenicheni kapena m'mbale za mulabotale zokha. Zinthu zambirimbiri zimapha chuku m'mbale, koma zikafika pa bala la lalanje zimalephera, chifukwa msuzi wa m'khungu ndi wowawasa ndipo umazifooketsa.

Soda wophikira: poyambira pabwino

Soda yemweyu wothira m'therere ndiye sodium bicarbonate, ndipo ku California anayamba kumuyesa pa malalanje m'ma 1920. Penicillium amakula bwino pamalo owawasa, pa pH ya pakati pa 4 ndi 5 (pH ndi muyezo wa kuwawasa: nambala ikachepa, kuwawasa kwachuluka), ndipo akalowa pa bala amawonjezera yekha asidi kuti timadzi take tosungunula khungu tigwire ntchito. Soda akalowa m'balamo amachotsa kuwawasako, chuku n'kuima. Onetsetsani mawuwo: chimaima, sichifa. Soda amagwira pa mabala amene alipo pa nthawi yoviika. Bala latsopano lobwera pokweza m'galimoto alibe nalo ntchito.

Muyezo wake ndi 3 peresenti, kutanthauza magalamu 30 pa lita imodzi ya madzi. Ndowa ya malita 20 imafuna magalamu 600, mgolo wa malita 200 umafuna makilogalamu 6. Yezani pasikelo, osati ndi supuni, chifukwa soda wogwirana ndi chinyontho amalemera mosiyana ndi wouma. Kuchepera 2 peresenti n'kungosambitsa zipatso, kupitirira 4 peresenti kumasiya zoyera pakhungu ndi kufotetsa. Baking powder si soda: muli asidi ndi sitalichi, ndipo ukamuthira m'madzi amangochita thovu, mphamvu n'kutheratu. Ena amaganiza za chidulo, ndipo n'zoona kuti madzi a phulusa amachotsa kuwawasa, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi zimene mwawotcha, moti simungadziwe ngati lero mwapanga wochepa kapena wowaula khungu.

Ntchito iyende motere. Thyolani zipatso mame atauma. Chipatso chonyowa m'mawa chimakhala chokhuta madzi, timatumba ta mafuta ta m'khungu timaphulika mukangochifinya, ndipo mafutawo amawaula khungu n'kusiya mawanga amene chuku chimalowerapo. Dulani ndi sizasi pafupi ndi kachisoti, osasiya kaphesi kosongoka. Manachesi musawakoke, amang'ambika kumutu. Zotola pansi, zong'aluka ndi zobooledwa zipatuleni kumunda komweko, zisafike n'komwe pamalo oviikira.

Tsukani kaye dothi m'madzi a klorini. Jik wamba wopanda fungo lonunkhiritsa amakhala ndi mphamvu ya 3.5 peresenti, ndipo mamililita 115 mu malita 20 amapereka pafupifupi 200 ppm, kutanthauza mamiligalamu 200 a klorini pa lita imodzi ya madzi. Werengani pabotolo, chifukwa mitundu ina mphamvu yake n'njosiyana. Zipatso zikhalemo mphindi 2. Klorini sachiritsa bala limene chuku chalowa kale, ntchito yake n'kupha fumbi la chuku loyandama m'madzi ndi la pakhungu. Madzi akayamba kuda, klorini watha, tayani mupange ena.

Kenako viikani m'madzi a soda kwa mphindi 2 ndi theka, mpaka 3. Malalanje amayandama, choncho aikeni m'kireti yapulasitiki yabowo kapena m'thumba la neti, muwakanikize pang'ono ndi chivundikiro kuti amire onse, n'kumagwedeza kuti mpweya wotsekeka m'mabala utuluke. Popeza soda sapha fumbi la chuku, mgolo woviikamo tsiku lonse umasanduka nkhokwe ya matenda, ndipo zipatso zomalizira zimatuluka zitatenga chuku chochuluka kuposa chimene zinalowa nacho. Joseph Smilanick ndi ofufuza anzake a unduna wa zaulimi wa America (USDA) ku California anaonetsa mu 1999 kuti kuthira klorini wa 200 ppm m'madzi a soda momwemo kumathandiza. Gwiritsani ntchito Jik wamadzi. Klorini wa ufa wa HTH ali ndi kashiamu, amene akakumana ndi soda amasandutsa madzi oyera ngati laimu n'kudetsa zipatso. Ndipo klorini asakumane ndi viniga, madzi a mandimu kapena asidi aliyense, mpweya wotulukapo umawononga mapapo.

Zonsezi zichitike pasanathe maola 24 chithyolereni. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Fumbi la chuku likagwera pa bala limamera mkati mwa tsiku limodzi kukakhala kofunda, ndipo mizu yake ikalowa mkatikati mwa choyera cha m'khungu, soda safikako. Manachesi amene agona masiku 3 m'mbali mwa msewu kudikira galimoto, kuwaviika n'kutaya soda.

Soda ash ndi madzi otentha

Sodium carbonate, amene m'masitolo amamulemba soda ash kapena washing soda, ndi wamphamvu kuposa wophikira. Madzi a soda wophikira amakhala pa pH ya 8.3, a soda ash amapitirira 11. Amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a madamu osambiramo ndi kwa opanga utoto wa nsalu, koma gulani wosasakaniza ndi sopo kapena zonunkhiritsa. Musamusokoneze ndi caustic soda wopangira sopo. Ameneyo ndi sodium hydroxide, amadya khungu la chipatso ndi la munthu lomwe.

Mu 2001 wofufuza Lluís Palou ndi anzake anayesa masoda awiriwa pa malalanje obayidwa dala n'kuikidwa chuku chabuluu. Soda wophikira wa 2 mpaka 4 peresenti m'madzi osatenthetsa anachepetsa kuwola ndi kupitirira theka. Soda ash wa 3 kapena 4 peresenti pa madigiri 45 kwa masekondi 150 anachepetsa ndi kupitirira 90 peresenti. Anapezanso kuti kutentha kwa madzi kunali kofunika kwambiri kuposa kuchuluka kwa mankhwala kapena kutalika kwa nthawi yoviika, komanso kuti pakadutsa masabata angapo m'chipinda chozizira mphamvu ya njira zonsezi imatsika. Pa manachesi zotsatira zimakhala zochepa poyerekeza ndi malalanje ndi mandimu, ndipo chipatso chikapsa kwambiri, mankhwala amchere onsewa amavutika kuchiteteza.

Kutenthetsa madzi kumafuna themometa, chala sichingasiyanitse madigiri 45 ndi 55. Poyambira, sakanizani ndowa imodzi ya madzi owira ndi ndowa 2 ndi theka za madzi a pamjigo, mudzakhala pafupi ndi 45, kenako konzani poyang'ana themometa. Sungunulani soda ash pang'onopang'ono mukutakasa, chifukwa mukamukhuthula kamodzi amauma pansi ngati simenti. Zipatso zozizira zimatsitsa kutentha msanga, ndiye musaike zopitirira makilogalamu 10 pa malita 50 a madzi nthawi imodzi, ndipo yezani musanaike gulu lililonse. Mgolo ukhale wapulasitiki wolimba kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri. Aluminiyamu amadyeka ndi soda ash. Ngati mgolo wachitsulo uli pamoto, ikani thabwa kapena kireti pansi pake kuti zipatso zisakhudze chitsulo. Oviika avale magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso.

Soda ash amafuna kutsukuluza. Mukamusiya pakhungu amakoka madzi, chipatso chimafota, kuwala kumatha, nthawi zina khungu limachita timaenje tofiirira. Koma tsukuluzani mopepuka ndi madzi oyera a m'kheni yothirira mbewu. Paipi yothamanga imachotsa mchere wa m'mabala, umene ndi womwe mumaufuna. Soda wophikira naye mutsukuluzeni choncho ngati zipatso zikhale nthawi yaitali. Soda wophikira musamutenthetse kupitirira madigiri 40: amayamba kutulutsa mpweya n'kumasanduka soda ash, pH imakwera, ndipo mumapezeka mukuviika m'madzi amphamvu kuposa amene munayeza m'mawa.

Madzi otentha okha, opanda mankhwala, amathandizanso: madigiri 52 mpaka 53 kwa mphindi 2 kapena 3. Amafooketsa chuku, amasungunula phula lachilengedwe la pakhungu kuti litseke ting'alu, ndipo chipatso chimayamba kupanga zodzitetezera. Malire ake ndi opapatiza. Mukapitirira 55 kwa mphindi zomwezo khungu limapsa, ndipo kupsako kumaonekera patapita masiku angapo, zipatso zili kale pamsika. Ku Israel anapanga makina opopera madzi a madigiri 56 mpaka 62 kwa masekondi 20 okha kwinaku maburashi akuzunguza zipatso, koma zimenezo si zoyeserera ndi ndowa. Manachesi a khungu lopyapyala yambani nawo pa 50.

Potassium sorbate ndi sodium benzoate

Awa ndi omwe amathiridwa m'majuwisi, m'majamu ndi mu majarini, ndipo amagulitsidwa ndi ogulitsa zipangizo za ophika buledi ndi opanga zakumwa. Potassium sorbate wa 2 mpaka 3 peresenti, m'madzi a madigiri 50 kwa mphindi imodzi kapena 2, amachepetsa chuku chobiriwira ndi chabuluu, ndipo amathandizako pa kuwola kowawasa kumene imazalil amalephera. Ubwino wake wina n'ngwakuti madzi otsala alibe sodium wowononga nthaka. Kuipa kwake, ndi wodula kuposa soda, amafotetsa zipatso ngati simunatsukuluze kapena kupaka phula, ndipo sagwirizana ndi klorini. Mukawasakaniza onse awiri amatha mphamvu, choncho tsukani ndi klorini padera, tsukuluzani, kenako viikani mu sorbate, ndipo madzi ake muzisintha pafupipafupi. Sodium benzoate wa 3 peresenti pa madigiri 50 kwa mphindi imodzi anayesedwa ku IVIA, bungwe lofufuza za ulimi la ku Valencia ku Spain, ndipo anagwira bwino kwambiri pa malalanje a mtundu wa Valencia kusiyana ndi manachesi.

Pa kuwola kowawasa, mankhwala amangothandizira. Chachikulu n'kudulira nthambi za m'munsi kuti zipatso zisamwazikiridwe dothi ndi mvula, kusaika makireti pa dothi, ndi kuchotsa chowola chilichonse tsiku lomwelo, chifukwa madzi ake akadontha amawoletsa zonse za pansi pake. Pa kuwola kwa kumutu, soda safika pamene kachirombo kabisala. Dulirani nthambi zouma m'mitengo, popeza ndi mmene kamakhala, ndipo sungani kachisoti kali kobiriwira pothyola ndi sizasi ndi kuika zipatso pozizira msanga.

Za ena amene amatchulidwa kawirikawiri

Makampani otumiza zipatso kunja, amene katundu wawo amakhala masabata angapo m'sitima, kawirikawiri sasiyiratu imazalil koma amamuchepetsa pomuphatikiza ndi soda wophikira kapena sorbate ndi madzi ofunda. Soda amakweza pH, imazalil n'kumalowa bwino m'khungu, mpaka kugwira ndi chuku china chimene chinayamba kusamva. Koma ofufuza a ku Citrus Research International ndi ku Stellenbosch ku South Africa anaonetsa mbali yake ina: pH ikakwera, madzi akatentha, nthawi yoviika ikatalika, zotsalira zimakwera msanga mpaka kupyola malire ololedwa. Popanda labotale yoyeza zotsalira, kusakaniza kumeneku musakuchite.

Mafuta a zomera zonunkhira monga thyme, oregano ndi sinamoni amapha chuku m'mbale mochititsa chidwi. Pa chipatso amauluka msanga, sasungunuka m'madzi, ndipo mukachulutsa amawaula khungu ndi kusiya fungo. Amagwirako akasakanizidwa m'phula lopaka, monga anayesera ku South Africa ndi mafuta a chomera cha Lippia scaberrima. Palinso tizilombo tabwino tolimbana ndi chuku pa bala, monga Candida oleophila ndi Pseudomonas syringae, komanso mankhwala a natamycin ogwiritsidwa ntchito pa tchizi amene America inawalola pa zipatsozi. Tizilomboti timateteza bala latsopano koma sitichiritsa lomwe lalowedwa kale, n'chifukwa chake timayenda bwino tikabwera pambuyo pa soda. Kupezeka kwake m'masitolo a kuno n'kovuta, ndipo timafuna kusungidwa mufiriji.

Yesani pa zipatso zanu musanaviike zonse

Mtundu wa chipatso, kupsa kwake ndi madzi a kwanu zimasintha zotsatira, choncho muyezo wa ku Valencia ndi poyambira chabe. Kuyesa sikufuna labotale. Sankhani zipatso 100 zofanana kukula ndi kupsa, zothyoledwa tsiku limodzi, zopanda bala. Tengani chipatso chimodzi chochita chuku chobiriwira, mupalire fumbi lake mu kapu ya madzi owiritsa n'kuzizira, muthire kadontho kamodzi ka sopo wamadzi kuti fumbilo lisayandame, mutakase mpaka madzi achite mbuu pang'ono. Kulungani selotepi pa msomali waung'ono kuti nsonga yotsala ikhale mamilimita 2. Viikani msomaliwo m'madzi a chuku, mubaye chipatso chilichonse kamodzi pamimba, n'kuzunguliza balalo ndi cholembera. Bala lifike pa choyera cha m'khungu koma lisaboole mpaka ku msuzi. Chitani zimenezi kutali ndi shedi yolongedzera, mphepo ikuwombera kwina, mutavala chophimba pamphuno.

Zisiyeni maola 24 pamthunzi, kuti zifanane ndi zipatso zovulala kumunda dzulo. Kenako zigaweni m'magulu 4 a zipatso 25, mosakaniza, osasankha zokongola kuziika gulu limodzi. Gulu loyamba liviikidwe m'madzi wamba, lachiwiri mu soda wophikira wa 3 peresenti, lachitatu mu soda ash pa madigiri 45, lachinayi mu sorbate kapena china chimene mukufuna kudziwa. Gulu la madzi wamba ndilo lofunika koposa, ngakhale limaoneka ngati kuwononga zipatso. Popanda ilo simungadziwe ngati zipatso zapulumuka ndi mankhwala kapena chuku chanu chinali chofooka. Ngati mukuyesa mankhwala otenthetsa, onjezerani gulu la madzi otentha okha, mudziwe ngati mukulipira mankhwala pa ntchito imene moto wagwira.

Ziumitseni, muziike m'makireti osiyana olembedwa, chipinda chimodzi. Werengani zowola pa tsiku la 7 ndi la 14, mukuwerengera ngakhale kadontho kofewa pa bala. Tiyerekeze kuti m'gulu la madzi mwawola 22, mu la soda 9. Chotsani 9 pa 22, yankho 13 muligawe ndi 22, mupeza kuti soda wachepetsa kuwola ndi 59 peresenti. Ngati m'gulu la madzi mwawola zochepera theka, mayesowo sanayende, bwerezani ndi madzi a chuku okhathamira. Kusiyana kwa zipatso 2 kapena 3 pakati pa magulu musakuwerengere, kumachitika mwamwayi. Bwerezani kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengo, chifukwa manachesi a mu May ndi a mu August sapirira mofanana.

Pambali, viikani zipatso 10 zosabaya pa gulu lililonse. Ziyezeni pasikelo tsiku loyamba ndi sabata iliyonse. Chipatso chikataya pafupifupi 5 peresenti ya kulemera kwake chimayamba kuoneka chofota, ndipo mankhwala oletsa chuku koma ofotetsa msanga amakutayitsani mtengo pamsika. Yang'anani mawanga, zoyera zotsalira, kachisoti ngati kada, ndipo senderani anthu angapo alawe osawauza gulu lake.

Zikatuluka mumgolo

Zipatso ziume zisanalongedzwe. Ziyaleni mzere umodzi pa thandala la waya kapena pa makireti ogadabuzidwa, pamthunzi podutsa mphepo, kwa ola limodzi kapena 2. Zonyowa zikatsekeredwa m'thumba zimawola kuposa zosaviika. Makireti akhale otsukidwa ndi klorini, chifukwa kireti ya dzulo yokhala ndi fumbi lobiriwira m'makona imabwezeretsa zonse mwachotsa. Musadzaze mpaka kireti ya pamwamba izipsinja zipatso za m'munsi. Zowola zikwiriridwe m'dzenje kutali ndi shedi, ndipo pozichotsa ziikeni m'chidebe chovundikira, osaziponya, poti chimodzi chikamenyeka pansi fumbi lake limadzaza chipinda chonse.

Phula lopaka la carnauba limachepetsa kutaya madzi ndipo limabweza kuwala kumene kutsuka kwachotsa. Gulani lololedwa pa zakudya, lopanda morpholine ngati zipatso zikupita ku Ulaya, n'kupaka mopyapyala pa chipatso chouma. Lokhuthala, makamaka la shellac, limatseka mpweya, mkati mumayamba kusasa, ndipo manachesi amamveka fungo la mowa pakangotha sabata imodzi kapena 2 pamalo ofunda.

Pozizira, mtundu uliwonse uli ndi muyezo wake. Malalanje amafuna madigiri 3 mpaka 8 ndipo akhoza kukhala mpaka miyezi 3. Manachesi amafuna 5 mpaka 8, kwa masabata 2 mpaka 6 basi. Mandimu ndi manyumwa amafuna 12 mpaka 14, mukawaziziritsa ngati malalanje kwa nthawi yaitali khungu limachita timaenje ndi mawanga, chuku chabuluu n'kulowerapo. Chinyontho cha mumpweya chikhale 90 mpaka 95 peresenti. Popanda magetsi, chipinda cha makoma a makala onyowetsedwa chimatsitsa kutentha ndi madigiri angapo m'nyengo ya chilimwe ndipo chimasunga chinyontho, koma khomo lizitsegulidwa usiku kuti mpweya usinthe. Nthochi, mapeyala ndi tomato zikhale kwina, chifukwa mpweya wa ethylene umene zimatulutsa umaumitsa kachisoti ndi kufulumizitsa kuwola. Yenderani zipatso masiku 2 kapena 3 alionse, mukuzigwira, chifukwa kadontho kofewa kamamveka ndi chala kasanaoneke.

Madzi a soda otsala musawathire patsinde pa mitengo kapena m'dimba. Mitengo ya malalanje sipirira sodium, masamba amapsa m'mphepete n'kuyoyoka, ndipo dothi lothiridwa kawirikawiri limauma gwa, madzi osalowa. Kumbani dzenje lapadera kutali ndi chitsime, mtsinje ndi munda, kapena athireni pa msewu wafumbi. A klorini asiyeni padzuwa tsiku limodzi mumgolo wosavundikira musanawataye. Soda wouma musungeni m'chidebe chotseka bwino pamalo ouma, cholembedwa dzina lake moonekera, kutali ndi kumene mumasunga caustic soda ndi mankhwala a kumunda, popeza onsewa ndi ufa woyera wofanana m'maso.